Udindo wa msonkho kwa Amalawi okhala kunja ndi makontilakitala a zomangamanga ku Liwonde

Tawuni ya Liwonde, yomwe ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire pamalire a maboma a Machinga ndi Balaka, ndi amodzi mwa malo omwe ntchito zomangamanga ndi ndalama zochokera kunja kwa dziko lino zimakumana tsiku ndi tsiku. Mlatho wa Kamuzu Barrage, womwe udamangidwa m'chaka cha 1965, udakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la World Bank. Njanji yochokera ku Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 1970, idakonzedwanso m'zaka zomwezo pansi pa ntchito ya njanji ya ku Nacala. Msewu wa makilomita 75 wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi udamangidwanso ndi kampani ya Mota-Engil ndi ndalama za African Development Bank.

Pambali pa ntchito zikuluzikuluzi pali zina zing'onozing'ono zomwe sizilembedwa m'nyuzipepala: nyumba za lendi, masitolo ndi malo ogona alendo omwe amamangidwa ndi ndalama zotumizidwa ndi ana a m'maboma awiriwa omwe akugwira ntchito ku South Africa ndi maiko ena. Wotumiza ndalama ndi womanga, aliyense ali ndi udindo wake pa nkhani ya msonkho, ndipo pakati pawo pamakhala wogwira ntchito m'boma yemwe amasainira malipiro, kupereka chilolezo kapena kulangiza anthu.

Maziko a lamulo

Ntchito yotolera misonkho ya boma ili m'manja mwa bungwe la Malawi Revenue Authority, lomwe limadziwika kuti MRA. Bungweli lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la m'chaka cha 1998 ndipo lidayamba ntchito mu February 2000, pomwe nthambi ya kasitomu ndi nthambi ya msonkho wa pa ndalama zomwe munthu wapeza zidaphatikizidwa. Likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre ndipo mkulu wake ndi Commissioner General.

Malamulo omwe amakhudza kwambiri magulu awiriwa ndi anayi. Lamulo la Taxation Act limanena za msonkho wa pa malipiro, phindu la bizinesi, lendi ndi chiwongoladzanja. Lamulo la VAT la m'chaka cha 2005 lidalowa m'malo mwa msonkho wakale wa surtax. Lamulo la Customs and Excise Act limayang'ana katundu wolowa m'dziko, pomwe lamulo la Tax Administration Act la m'chaka cha 2021 limafotokoza za kalembera, zilango ndi madandaulo.

Mfundo yaikulu pa zonsezi ndi ya gwero la ndalama. Dziko la Malawi limadula msonkho pa ndalama zomwe zachokera m'dziko muno, kapena zomwe lamulo likuziwerenga kuti zachokera muno. Chiphaso cha unzika sindicho chimatsogolera. Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg salipira msonkho kuno pa malipiro ake a kumeneko, pomwe mzika ya dziko lina yomwe ikumanga mlatho ku Machinga imalipira kuno pa phindu la ntchitoyo.

Msonkho ndi maulendo a kunja

Nkhani ya msonkho ndi maulendo a kunja idayamba kalekale m'dera lino. Boma la atsamunda motsogozedwa ndi Harry Johnston lidayambitsa msonkho wa nyumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo kufunafuna ndalama ya msonkhowo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe zidachititsa amuna ambiri kupita kukagwira ntchito m'minda ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Ambiri adapita kudzera ku bungwe la Wenela mpaka m'chaka cha 1974, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa ntchito yolemba anthu kutsatira ngozi ya ndege ku Francistown yomwe idapha Amalawi oposa 70. Msonkho wa pamutu, womwe mwamuna aliyense wamkulu ankalipira, udathetsedwa boma la Bakili Muluzi litalowa m'chaka cha 1994.

Kuchokera nthawi imeneyo munthu salipira msonkho kaamba kongokhala nzika. Amalipira kaamba ka zomwe wapeza, wagula kapena walowetsa m'dziko. Kusintha kwa lamulo la unzika komwe Nyumba ya Malamulo idavomereza m'chaka cha 2018, kulola Mmalawi kukhala nzika ya maiko awiri, sikudasinthe mfundo imeneyi.

Zomwe zimakhudza Mmalawi wokhala kunja

Lamulo limasiyanitsa munthu wokhala m'dziko muno ndi wokhala kunja powerenga masiku. Yemwe wakhala muno masiku 183 kapena kuposerapo m'miyezi 12 amawerengedwa ngati wokhala muno. Mmalawi yemwe amangobwera pa tchuthi cha Khirisimasi kapena pa Eid, n'kubwerera ku ntchito, amawerengedwa ngati wokhala kunja ngakhale ali ndi mudzi, mkazi ndi ana kwa Sitola kapena kwa Kalembo.

Ndalama zomwe munthu wotere amatumizira abale ake kuti agule chakudya, feteleza, simenti kapena kulipira fizi sizidulidwa msonkho wa pa zopeza, chifukwa gwero lake lili kunja ndipo wolandirayo sadagwire ntchito yoti alipidwe. Zinthu zimasintha ndalamazo zikayamba kubala zina m'dziko muno. Nyumba yomwe yamangidwa ikayamba kulandira lendi, minibasi ikayamba kunyamula anthu pakati pa Liwonde ndi Zomba, kapena ndalama zosungidwa ku banki ya kuno zikapeza chiwongoladzanja, zopezazo gwero lake ndi Malawi ndipo zimayenera msonkho.

Kwa munthu wokhala kunja yemwe alibe malo okhazikika a bizinesi muno, lamulo lidaika msonkho wapadera womwe wolipira amadula ndalama isanatumizidwe. Mlingo womwe wakhala ukugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndi K15 pa K100 iliyonse, ndipo umawerengedwa pa ndalama yonse popanda kuchotsapo zomwe mwini wake wawononga. Mwachitsanzo, bungwe likachita lendi nyumba ya Mmalawi wokhala ku Cape Town pa mtengo wa K400,000 pa mwezi, limadula K60,000 n'kupereka ku MRA, ndipo mwini nyumba amalandira K340,000 pamodzi ndi chikalata chosonyeza kuti msonkho wadulidwa.

Mbale yemwe wasiyidwa kuti aziyang'anira nyumba kapena bizinesi ayenera kudziwa kuti lamulo likhoza kumutenga ngati woimira mwini wake pa nkhani ya msonkho. Izi zikutanthauza kuti MRA ikhoza kufunsa iyeyo za ndalama zomwe zadutsa m'manja mwake. N'chifukwa chake kuli bwino kuti mgwirizano wa pachibale wotere ulembedwe, ndipo malisiti a lendi ndi a zokonzera nyumba azisungidwa.

Ogwira ntchito m'boma omwe atumizidwa ku maofesi a akazembe kapena kukaphunzira kunja ali m'gulu lina. Malipiro awo amachokera ku Boma la Malawi, choncho amawerengedwa kuti gwero lake ndi muno ndipo amapitiriza kudulidwa msonkho wa PAYE monga mwa nthawi zonse.

Pali mantha akuti munthu akhoza kulipira kawiri pa ndalama imodzi. Kuyambira m'chaka cha 2001, dziko la South Africa limadula msonkho anthu okhala m'dzikomo pa zomwe apeza kulikonse pa dziko lapansi, kuphatikizapo lendi ya nyumba ya ku Liwonde. Pofuna kupewa zimenezi, Malawi ali ndi mapangano ndi maiko ena, monga la m'chaka cha 1971 ndi South Africa komanso la m'chaka cha 1955 ndi Britain, lomwe lidasainidwa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mwa mwambo wa mapangano otere, nyumba ndi malo zimadulidwa msonkho m'dziko lomwe zili, ndipo dziko lomwe mwini wake akukhala limachotsera zomwe walipira kale. Kuchotserako kumatheka pokhapokha pali chikalata cha umboni chochokera ku MRA.

Wokhala kunja akafuna kugulitsa nyumba kapena malo, umwini sungasinthidwe popanda chiphaso cha Tax Clearance Certificate, chomwe chimatsimikiza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho. Phindu lomwe wapeza pogulitsa limawerengedwa ngati zopeza, ngakhale lamulo limapatula zinthu zina monga kusamutsa katundu pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Apa ndi pomwe ambiri omwe akhala akulandira lendi kwa zaka popanda kulembetsa amakumana ndi ngongole yomwe sadaiyembekezere.

Katundu wotumizidwa kumudzi ndi wobwera naye

Malata, matailosi, mafelemu a mawindo, zipangizo za magetsi a dzuwa ndi katundu wina yemwe amatumizidwa pa mabasi ndi malole kudzera pa chipata cha Mwanza kapena Dedza amayenera kuonetsedwa kwa akasitomu. Kunena kuti katunduyo ndi mphatso kapena ndi womangira nyumba ya makolo sikuchotsa msonkho. Katundu wopangidwa m'maiko a SADC akhoza kuchepetsedwa msonkho wa kasitomu ngati ali ndi chikalata chotsimikiza komwe adapangidwa, koma VAT imalipidwabe. Wotumiza ayenera kuitanitsa kwa wonyamula katunduyo zikalata za kasitomu, chifukwa katundu wolowa mozemba amalandidwa ndipo wotaya ndi mwini wake.

Mmalawi yemwe wakhala kunja kwa miyezi 12 kapena kuposerapo ndipo akubwerera kudzakhazikika ali ndi mwayi wolowetsa katundu wa m'nyumba yemwe wakhala akugwiritsa ntchito popanda msonkho, ndipo mwayiwu umakhudzanso galimoto yomwe wakhala nayo kwa nthawi yomwe malamulo a kasitomu amanena. Mwayiwu ndi wa katundu wogwiritsa ntchito mwini, osati wamalonda, ndipo umafuna umboni monga pasipoti, chilolezo chokhalira kunja ndi zikalata za umwini. Wogulitsa galimoto yotere asanalandire chilolezo cha MRA amalipiritsidwa msonkho womwe adakhululukidwa.

Zomwe kontilakitala ayenera kuchita

Kontilakitala aliyense, kaya ndi kampani kapena munthu payekha, amayamba ndi kulembetsa ku MRA kuti alandire nambala ya wolipira msonkho, yomwe ambiri amaitchula kuti TPIN. Amalembetsanso ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe lidayamba ndi lamulo la m'chaka cha 1996 pa dzina la National Construction Industry Council. Wofuna ntchito za boma amalembetsanso ku bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority, lomwe lidalowa m'malo mwa ofesi ya ODPP potsatira lamulo la m'chaka cha 2017. Pa makomo onsewa chiphaso cha Tax Clearance Certificate chimafunika, kotero kontilakitala wa ngongole ya msonkho amadzitsekera yekha mwayi wa ntchito.

Msonkho womwe kontilakitala amakumana nawo kawirikawiri ndi wodulidwiratu pa malipiro, wotchedwa withholding tax. Unduna, khonsolo, kampani kapena bungwe lomwe lapereka ntchito limadula gawo la ndalama polipira, n'kupereka ku MRA m'dzina la kontilakitalayo. Kwa omanga ndi omwe apatsidwa gawo la ntchito ndi kontilakitala wamkulu, mlingo womwe unkagwiritsidwa ntchito m'chaka cha 2020, monganso zaka zambiri m'mbuyomo, udali K4 pa K100 iliyonse, powerengera mtengo wa ntchito VAT isanaikidwepo.

Pa mlingo umenewo, kontilakitala yemwe wamanga midadada ya sukulu ya K50,000,000 amadulidwa K2,000,000. Ndalamayi si msonkho womaliza koma chikole cha msonkho wa pa chaka. Ngati pakutha pa chaka kampaniyo yapeza phindu la K10,000,000, msonkho wake pa mlingo wa K30 pa K100 iliyonse, womwe makampani olembetsedwa muno akhala akulipira kwa zaka zambiri, ndi K3,000,000. Pochotsa K2,000,000 yomwe idadulidwa kale, imatsala ndi K1,000,000 yoti ilipire. Ngati zodulidwa zaposa msonkho woyenera, kampani ili ndi ufulu wopempha kuti yotsalayo ibwezedwe kapena iwerengedwe pa msonkho wina. Zonsezi zimadalira chikalata chomwe wodula msonkho adapereka. Kontilakitala yemwe ali ndi mbiri yabwino yolipira akhoza kupempha chiphaso chomupatula kuti asamadulidwiretu.

Kupatula apo, kontilakitala amalipira msonkho wongoyerekeza miyezi itatu iliyonse, ndipo zonse pamodzi ziyenera kufika K90 pa K100 iliyonse ya msonkho weniweni wa chakacho. Yemwe malonda ake pa chaka afika pa mlingo womwe lamulo lidaika ayenera kulembetsa VAT, kuiika pa mainivoisi ake ndi kuchotserapo VAT yomwe walipira pogula simenti, zitsulo ndi zipangizo zina. VAT idayamba pa K17.50 pa K100 iliyonse m'chaka cha 2005 ndipo idatsitsidwa kufika pa K16.50 m'chaka cha 2008. Milingo yonse ya msonkho imaunikidwanso Nduna ya Zachuma ikamapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo, kotero wolemba mtengo wa ntchito ndi wokonza malipiro ayenera kugwiritsa ntchito mlingo wa chaka chomwe akulipiracho.

Kontilakitala ndi wolembanso anthu ntchito. Amadula PAYE pa malipiro a mainjiniya, akapitawo, amisiri ndi madalaivala omwe malipiro awo apyola gawo losadulidwa msonkho. Malipiro a aganyu nawo amadulidwa akapyola mlingo woikidwa. Amalipiranso ndalama ya TEVET, yomwe ndi K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito ndipo imathandiza maphunziro a ntchito zamanja. Akapereka gawo la ntchito kwa kontilakitala mnzake, iyenso amasanduka wodula msonkho.

Makampani akunja ndi ntchito za abwenzi a chitukuko

Kampani yakunja yomwe yakhazikitsa malo a ntchito muno imalipira msonkho pa phindu lomwe yapeza muno ngati nthambi, ndipo mlingo wa nthambi zotere wakhala K35 pa K100 iliyonse. Katswiri wakunja yemwe wangobwera kwa nthawi yochepa, monga wojambula mapulani kapena woyeza nthaka, amadulidwa msonkho wa okhala kunja uja, pokhapokha pangano la pakati pa maiko awiri litanena zina. Ndalama zopita kwa opereka ntchito akunja sizituluka m'dziko popanda umboni woti msonkho wake walipidwa. Lamulo la m'chaka cha 2014 lidalamulanso makampani akunja kugwira ntchito limodzi ndi makampani a Amalawi kapena kuwapatsa gawo losachepera 30 pa 100 iliyonse ya ntchitoyo, ndipo malipiro a gawo limeneli nawo amadulidwa msonkho.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yolipiridwa ndi abwenzi a chitukuko ilibe msonkho uliwonse. Zoona zake n'zakuti chomwe chakhululukidwa ndi chokhacho chomwe chalembedwa m'pangano la ndalama ndi kuvomerezedwa ndi Unduna wa Zachuma, ndipo kawirikawiri chimakhala msonkho wa kasitomu ndi VAT pa zipangizo za ntchitoyo. Phindu la kontilakitala ndi malipiro a antchito ake zimakhalabe pansi pa lamulo. Makina ndi magalimoto omwe adalowa popanda msonkho, kaya pa msewu kapena pa njanji kudzera ku Nayuchi, ayenera kubwerera kunja ntchito ikatha, apo ayi alipiridwe msonkho asanagulitsidwe kapena kupititsidwa ku ntchito ina.

Wotumiza ndalama akalemba womanga

Mmalawi wokhala kunja yemwe akumanga nyumba yake ngati munthu wamba kawirikawiri sakhala pa mndandanda wa odula msonkho, koma izi sizichotsa udindo wa womangayo wonena ku MRA ndalama zomwe walandira. Mwini nyumba amapindula akalemba kontilakitala wolembetsedwa, akasainirana mgwirizano ndi kulipira kudzera ku banki, chifukwa malisiti amenewo ndiwo adzasonyeze mtengo womangira tsiku lomwe nyumbayo idzagulitsidwe ndi kuwerengedwa phindu. Wopanda umboni wa zomwe adawononga amavutika kutsutsa chiwerengero cha MRA. Ndalama za mapulani ndi za malo zomwe zimapita ku khonsolo kapena ku Unduna wa Zamalo ndi zapadera, ndipo kuzilipira sikulowa m'malo mwa msonkho wa MRA.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

Makhonsolo a Machinga ndi Balaka, monga makhonsolo ena onse, amapereka ntchito zambiri zomanga kudzera m'thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lomwe lidayamba m'chaka cha 2006, ndi m'thumba la chitukuko cha boma. Komiti yoona zogula iyenera kutsimikiza kuti chiphaso cha msonkho cha wopambana ntchito ndi chenicheni ndipo sichidathe mphamvu. Wowerengera ndalama ayenera kudula msonkho pa satifiketi iliyonse ya malipiro, kupereka chikalata kwa kontilakitala ndi kutumiza ndalamayo ku MRA pa nthawi yake.

Ofesi yomwe yalephera kudula msonkho imalipira yokha ndalamayo pamodzi ndi chilango. Yomwe yadula koma n'kugwiritsa ntchito ndalamayo pa mafuta kapena maalawansi yagwira ndalama yomwe si yake, ndipo imaika kontilakitala pa mavuto chifukwa mabuku a MRA amamuonetsa ngati wa ngongole. Pansi pa lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la m'chaka cha 2022, woyankha pa zonsezi ndi mkulu woyang'anira ndalama za ofesiyo, yemwe pa khonsolo ndi Bwanamkubwa. Kuchedwa kulipira kontilakitala nako kuli ndi zotsatira zake, chifukwa wolembetsa VAT amayembekezeka kuipereka akatulutsa inivoisi ngakhale ndalama isanafike m'manja mwake.

Masiku oyenera kukumbukira ndi njira ya madandaulo

Msonkho wodulidwiratu ndi PAYE zimaperekedwa pasanathe masiku 14 mwezi womwe zadulidwa utatha. VAT imaperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo msonkho wongoyerekeza umaperekedwa pasanathe masiku 25 miyezi itatu iliyonse ikatha. Lipoti la zopeza za pa chaka limaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku chitatha. Kuyambira mu April 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March, kusiyana ndi kale pomwe chinkayamba mu July. Kulembetsa, kupereka malipoti ndi kupempha ziphaso kumatheka pa intaneti kudzera pa Msonkho Online, zomwe zimathandiza ngakhale yemwe ali ku Durban kapena ku London.

Wosakhutira ndi chiwerengero cha msonkho amalemba dandaulo kwa Commissioner General pasanathe masiku 30, ndipo akapanda kukhutira ndi yankho akhoza kupita ku bwalo la Revenue Appeals Tribunal, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo lina la m'chaka cha 2021. Akuluakulu adati safunsa adadya phula: kontilakitala asanalembe mtengo wa ntchito, wokhala kunja asanapereke nyumba kwa wa lendi, ndi wowerengera ndalama asanasainire vocha, aliyense ali ndi mwayi wofunsa ku ofesi ya MRA yomwe ili pafupi kuti adziwe mlingo ndi ndondomeko zomwe zikugwira ntchito m'chaka chimenecho.